KU MARÁVIA: MTUNDA WA MLENGALENGA NDI MTUNDA WA PANSI

Pamene tikonza ulendo wa ntchito ya Mulungu, funso loyamba limene akulu a mpingo amafunsa ndi ili: kodi n'kutali bwanji, ndipo tidzayenda nthawi yaitali motani? Funsoli limaoneka lapafupi, koma kwa munthu wofuna kukacheza ndi Akhristu a m'boma la Marávia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, lili ndi mayankho awiri osiyana kwambiri. Yankho lina lili pa mapu a oyendetsa ndege, lina lili m'miyendo ya mbusa ndi mlaliki. Ndafuna kuti tiwaone onse awiri, chifukwa mpingo umene udziwa yankho loyamba lokha umayesa kuti wafika pamene ulendo wangoyamba kumene.

Kuchokera pa Chileka kukafika pa Chingozi

Bwalo la ndege la Chileka lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 16 kuchokera pakati pa mzinda wa Blantyre. Bwalo la mzinda wa Tete limatchedwa Chingozi. Mukatambasula chingwe molunjika pakati pa mabwalo awiriwa, kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 150. Ambiri amadabwa akamva kuti mtunda umenewu ndi waufupi kuposa wochokera pa Chileka kukafika pa bwalo la Kamuzu ku Lilongwe, umene ndi makilomita pafupifupi 245. Munthu wa ku Blantyre ali pafupi ndi Tete kuposa likulu la dziko lake lomwe.

Nthawi ya ulendo imatengera liwiro la ndegeyo. Ndege yaing'ono ya injini imodzi, yonyamula anthu 5 kapena 6, yonga imene mabungwe a mishoni amagwiritsa ntchito, imathamanga makilomita pafupifupi 250 pa ola. Tikawerengera, makilomita 150 pa liwiro limeneli ndi mphindi 36. Koma ndege siyamba ndi liwiro lake lonse. Imayamba yathamanga pabwalo, kenaka imakwera pang'onopang'ono, ndipo ikayandikira kumene ikupita imachepetsa liwiro, nthawi zina n'kuzungulira kaye podikira chilolezo chotera. Mphepo nayo ili ndi mbali yake: ikamaomba kuchokera kumbuyo imafupikitsa ulendo, ikamaomba kuchokera kutsogolo imautalikitsa. N'chifukwa chake ndege ingathe kutenga nthawi yosiyana popita ndi pobwerera, ngakhale mtunda uli womwewo. Tikaphatikiza zonsezi, ulendo wa pa Chileka kukafika pa Chingozi ndi wa mphindi 40 kapena 45. Ndege yaikulu yothamanga kawiri kuposa pamenepa siikwanitsa ndi theka la ola lomwe. Nthawi ya pa wotchi ndi imodzimodzi m'maiko awiriwa, kotero kuti wonyamuka 8 koloko m'mawa amatera isanakwane 9 koloko.

M'mphindi zochepazi munthu amaona dziko likusintha pansi pake. Ndege imalunjika kumadzulo, mopendekera pang'ono kumwera. Posakhalitsa imadutsa mtsinje wa Shire pamene madzi ake amapanikizika pakati pa miyala, kenaka nkhalango ndi zitunda za m'malire, phiri la Zóbuè likuoneka kudzanja lamanja. Kuchokera apo dziko limayamba kutsika, mitengo imatalikirana, nthaka imafiira, ndipo malambe amaoneka ngati timadontho pachigwa. Chakutsogolo kumaoneka maenje aakulu akuda a migodi ya malasha ya ku Moatize, ndipo kuseri kwake mtsinje wa Zambezi ukunyezimira pakati pa mchenga. Chileka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene Chingozi ili pa mamita pafupifupi 160 okha. Kusiyana kumeneku munthu amakumva pathupi chitseko chikangotsekulidwa, pakuti m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa ku Tete kumapitirira madigiri 40.

Wapansi ulendo womwewu amauyenda mozungulira. Amachoka ku Blantyre, kuwoloka Shire pa Zalewa, kukafika pachipata cha Mwanza, kudinditsa chiphaso, kulowanso pachipata cha Zóbuè, kenaka kutsetsereka mpaka ku Moatize ndi kuwoloka mtsinje wa Revúbuè. Onse pamodzi ndi makilomita oposa 220, ndipo ukaphatikiza kudikira pa zipata ziwirizo, maola 4 kapena 5 amatha. Komabe msewuwo ndi wa phula, magalimoto ndi ambiri, ndipo wonyamuka m'mawa amadya nkhomaliro ku Tete. Kufika pamenepa, kusiyana kwa mlengalenga ndi pansi ndi kwa maola ochepa chabe.

Kumene mapu a ndege athera

Marávia ali kumpoto chakumadzulo kwa mzinda wa Tete. Kumpoto kwake kuli dziko la Zambia, kumadzulo kuli boma la Zumbo, kum'mawa kuli boma la Chifunde, ndipo kumwera kuli mtsinje wa Zambezi ndi nyanja ya Cahora Bassa. Likulu la bomali ndi Fingoè, ndipo madera ena aulamuliro ndi Chiputo, Malowera ndi Chipera. Pa mzere wolunjika, kuchokera pa Chingozi kukafika ku Fingoè ndi makilomita pafupifupi 215. Mbalame yothamanga ngati ndege yaing'ono ija ikhoza kufikako ola limodzi lisanathe.

Woyang'ana pa mapu angaone bwalo lina la ndege limene lili pafupi kwambiri ndi Marávia, ndilo la ku Songo, makilomita pafupifupi 110 kuchokera pa Chingozi, ulendo wa theka la ola. Songo ndi tauni imene inakula chifukwa cha damu la Cahora Bassa, lomwe linamangidwa pakati pa 1969 ndi 1974. Khoma la damulo ndi lotalika mamita 171, ndipo nyanja imene linapanga imatambasuka makilomita pafupifupi 250 kulowera kumadzulo. Magetsi ake amayenda pa nthambo makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku South Africa. Koma Songo ili kutsidya la kumwera kwa Zambezi, pamene Marávia ali kutsidya la kumpoto. Wotera pa Songo amawaona mapiri a Marávia ndi maso, koma pakati pa iye ndi midzi yambiri ya m'bomalo pali madzi, maphompho ndi thengo.

Tsono njira imene ambiri amayenda ndi yapamtunda. Bwalo la Chingozi lili tsidya lomwelo la kumpoto, kotero kuti wopita ku Marávia safunika kuwoloka mlatho wa Samora Machel kulowa mumzinda. Amatenga msewu wa phula wopita kumalire a Zambia pa Cassacatiza, umene umakatulukira ku Katete, kudutsa m'boma la Chiúta. Akafika pa Bene amapatukira kumadzulo, mumsewu wopita ku Fingoè ndi ku Zumbo. Ulendo wonse kuchokera ku Tete ndi makilomita oposa 250.

Ife tinayenda njira imeneyi m'mwezi wa Ogasiti, nyengo yachilimwe, tili anthu ochepa m'galimoto yolimba. Tinanyamuka kusanache kuti tipewe dzuwa la m'chigwa. M'mbali mwa msewu munali malambe, mitengo ya masau, mbuzi zosawerengeka, ndi matumba a makala oyembekezera wogula. Titasiya phula pa Bene liwiro linatsika. Fumbi linalowa paliponse, ndipo pa mitsinje ina yophwa tinkatsika kuti tione kaye ngati mchenga ungatilole kudutsa. Dziko linayamba kukwera, malambe anatha, ndipo tinalowa m'nkhalango ya miombo ndi misuku yonga ya kwathu ku Kasungu kapena ku Mchinji. Mpweya unazizira. Tinadutsa malole odzaza matumba a chimanga, anthu atakhala pamwamba pa katunduyo, ndi anyamata okankha njinga zolemedwa pa zitunda. Tinafika ku Fingoè dzuwa litapendeka. Mtunda umene ndege ikanayenda m'ola limodzi unatidyera tsiku. Eni dera anatiuza kuti tinachita mwayi pobwera m'chilimwe, chifukwa mvula ikagwa, kuyambira Disembala kufikira Malichi, mitsinje imadzaza, matope amagwira magalimoto, ndipo munthu angathe kugona panjira masiku angapo.

Abale a mtundu umodzi

Dzina loti Marávia likuchokera ku dzina la Amaravi, kumenenso kunachokera dzina la dziko la Malawi. M'dera lino la kumpoto kwa Zambezi, kufupi ndi mtsinje wa Kapoche, ndimo Undi anakhazikitsa likulu lake la Mano atachoka kwa Kalonga, ndipo ufumu wake unafalikira kufikira kumene lero kuli chigawo cha kum'mawa kwa Zambia. Pangano la 1891 pakati pa Angerezi ndi Apwitikizi ndilo linadula dzikoli, n'kusiya anthu a mfunda umodzi m'maiko atatu. Lero Kalonga Gawa Undi amakhala ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia amakasonkhana kumeneko pa mwambo wa Kulamba kumapeto kwa Ogasiti.

Mlendo wochokera ku Nkhoma, ku Madzimoyo kapena ku Ulónguè sasowa womasulira ku Marávia. Chipwitikizi chimamveka ku ofesi ndi kusukulu, Chinsenga chimamveka kwambiri chakumadzulo ndi kumalire, koma pa msika, pa maliro ndi m'nyumba ya Mulungu, chinenero chathu chomwechi chimamveka bwino lomwe. Mafunde ake ndi omwewa: a Phiri, a Banda, a Mwale, a Mbewe. Akakupatsani moni amawomba m'manja monga kwathu, ndipo nsima imabwera ndi nkhwani wotendera. Pa mzere wolunjika, Fingoè ali pafupi ndi Petauke kuposa ndi Tete, pafupifupi theka la mtundawo, ndipo n'chifukwa chake anthu a kumalire amagulitsa zokolola zawo ku Zambia ndipo ndalama ya kwacha saiona yachilendo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Malire anatalikitsa njira, koma ubale ulipobe.

Dera lolambalalidwa

Kutalikira kwa Marávia si nkhani ya lero. M'chaka cha 1858 David Livingstone anafika ku Tete ndi sitima yake yapamadzi ali ndi chiyembekezo choti Zambezi adzakhala msewu wolowetsa Uthenga Wabwino ndi malonda oyenera pakati pa Africa. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho anakaona mathithi a Cahora Bassa, pamene lero pali damu, ndipo anazindikira kuti sitima singadutsepo. Anatembenukira ku Shire m'chaka cha 1859, nakafika ku nyanja ya Malawi. M'mapazi ake munatsata amishoni a ku Magomero mu 1861, a Livingstonia mu 1875 ndi a Blantyre mu 1876. Miyala ya pa Cahora Bassa inapatutsa ulendo, ndipo madalitso amene ife tinalandira msanga anawalambalala abale athu a kumpoto kwa Zambezi.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed, amene anayamba ntchito pa Mvera mu 1889 ndi pa Magwero mu 1899, analowa m'chigawo cha Tete mu 1909 pamene anatsegula Mphatso m'dziko la Angoni, ndipo anatsegulanso malo ena angapo m'zaka zotsatira. Koma m'chaka cha 1922 boma la Apwitikizi linatseka ntchitoyo, amishoni natuluka. Chaka chimenecho ndi chomwenso Buku Lopatulika lathunthu linatuluka m'chinenero chathu. Pamene ife tinali kulandira Mau a Mulungu m'manja, abale athu anali kutsazikana ndi abusa awo. Kwa zaka zambiri zotsatira, Akhristu a m'chigawocho anasunga chikhulupiriro popanda mbusa wokhala pakati pawo, ndipo ofuna ubatizo kapena Mgonero wa Ambuye ankayenda pansi kuwoloka malire kupita ku mipingo ya tsidya lino.

Kenaka kunabwera nkhondo. Mu 1968 nkhondo yomenyera ufulu inafika m'chigawo cha Tete, ndipo madera a kumalire ndi Zambia ndiwo anayamba kuimva. Ufulu unabwera pa 25 Juni 1975, koma posakhalitsa kunabuka nkhondo yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Anthu oposa miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo ena, makamaka a m'maboma a kumalire ndi Zambia, anakakhala ku Ukwimi kufupi ndi Petauke. Ambiri anamva Uthenga Wabwino ali kothawirako, ndipo pobwerera kwawo anamanga nyumba zopemphereramo za mitengo ndi udzu asanamange n'komwe nkhokwe zawo. Lero mpingo wa Igreja Reformada em Moçambique uli ndi Sinodi ya Mphatso, ndipo abusa amaphunzira pa sukulu ya Hefsiba ku Ulónguè. Pali chifukwa chachikulu choyamikira Mulungu. Koma ntchito idakali yaikulu, ndipo antchito ndi ochepa poyerekeza ndi kukula kwa dziko.

Mtunda weniweni

Tsiku la Mulungu tinapemphera pa nthambi ina ya mpingo, ulendo wa maola awiri kuchokera ku Fingoè. Kunalibe belu, anaimba chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pa mtengo. Anthu anabwera kuchokera m'midzi yotalikirana, ena atanyamuka tambala woyamba, amayi a Chigwirizano atanyamula zovala zawo m'mipango kuti zisade ndi fumbi. Mabuku a nyimbo anali ochepa ndi othaitha, koma nyimbo zonse anaziimba pamtima. Pa mpando umodzi anthu anayi ankaonera Baibulo limodzi.

Titaweruka tinakhala pansi ndi akulu a mpingo, ndipo m'kucheza kumeneko ndimo ndinamva mmene iwo amayezera mtunda. Satchula makilomita. Amati kwa abusa ndi tsiku limodzi pa njinga. Amati kuchipatala ndi usiku wonse pa ngolo. Amawerenga miyezi imene yapita chilandirire Mgonero wa Ambuye, ana amene akula osabatizidwa, a m'kalasi amene anatsiriza maphunziro koma akudikirabe wowayesa, ndi maukwati oyembekezera kudalitsidwa. Mbusa wawo si waulesi. Ali ndi nthambi zambiri zomwazikana m'dera lalikulu kuposa maboma ena athunthu a ku Malawi, ndipo njinga yake yamoto imafuna mafuta ndi zipangizo zimene zimagulidwa kutali. Mkulu wina wachikulire anatiuza modekha, mopanda kudandaula, kuti nthawi zambiri amangomva kuti alendo a mpingo anafika ku Tete, nachita msonkhano, nabwerera. Iwo amalandira moni wa pakamwa patapita milungu.

Mau amenewa ayenera kutikhudza. Ndege ndi mphatso yabwino, ndipo mabungwe monga Mission Aviation Fellowship, limene linayamba mu 1945, apulumutsa miyoyo yambiri m'maiko osiyanasiyana ponyamula odwala, mankhwala ndi atumiki a Mulungu. Sitikuinyoza. Koma ndege imatera pamene pali bwalo lokonzedwa, ndipo mabwalo aakulu amamangidwa pamene pali migodi, magetsi ndi maofesi. Ulendo wofulumira uli ndi chiyeso chake: umatiphunzitsa kukonza maulendo a masiku awiri, kufika pamene pali pofikirika, kujambula zithunzi, ndi kukapereka lipoti lakuti tinayendera abale a ku Mozambique. Pamenepo timakhala tayenda mphindi 45 zosavuta n'kusiya tsiku lovuta lija limene abale ali kumapeto kwake.

M'buku la Machitidwe, mutu 20, timawerenga kuti pochoka ku Trowa anzake a Paulo anakwera ngalawa, koma iye anasankha kuyenda pansi kukafika ku Aso, mtunda wa makilomita pafupifupi 30. Mtumwi amene ankaidziwa bwino ngalawa ankadziwanso nthawi yoyenera kuisiya. M'mutu 8 wa buku lomweli, Filipo anachotsedwa mu mzinda mmene ntchito inali kuyenda bwino natumidwa ku njira ya m'chipululu chifukwa cha munthu mmodzi. Ndipo Ambuye wathu mwini, amene akanatha kulankhula ali kumwamba, anatsika nayenda m'fumbi la Samariya kufikira kutopa ndi kukhala pansi pa chitsime. Chikondi chimene tinalandira ndi chotere, chofika kumene munthu ali.

Tichitepo chiyani?

Choyamba, mipingo ndi magulu amene akukonza zoyendera abale a m'chigawo cha Tete awerenge masiku moona. Wofuna kufika ku Marávia apatule sabata yathunthu: tsiku lofika ku Tete, tsiku lofika ku Fingoè, masiku okhala ndi nthambi za kumidzi, ndi masiku awiri obwerera. Nthawi yabwino ndi kuyambira Meyi kufikira Seputembala, mvula itatha, kutentha kusanafike pachimake.

Chachiwiri, tisapite mwa ife tokha. Tiyambe talembera atsogoleri a mpingo wa kumeneko, kuti iwo atiuze kumene kuli kusowa ndi nthawi imene anthu sali otanganidwa ndi kumunda. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amene adzatsala ndi nkhosa ndi mbusa wa pamalopo, ndipo ulendo wathu uyenera kulimbitsa dzanja lake.

Chachitatu, tiganizire bwino za chuma cha Ambuye. Ndalama yobwerekera ndege paulendo umodzi ikhoza kugula njinga zingapo za alaliki, kapena mafuta a njinga yamoto ya mbusa a miyezi yambiri, kapena makatoni a Mabaibulo ndi mabuku a nyimbo. Abale athuwa amawerenga Buku Lopatulika lomwe lili m'nyumba zathu, ena a ife tili nawo awiri kapena atatu pa alumali. Amayi a Chigwirizano, achinyamata ndi a Sande Sukulu angathe kusonkhanitsa mabuku otere popanda kudikira thandizo lochokera kunja.

Chachinayi, tiwatchule maina m'mapemphero athu. Potchula Mozambique tisalekere pa Maputo ndi Tete. Tinene Fingoè, Chiputo, Malowera, Chipera. Tipempherere abusa ndi mabanja awo, akulu a mpingo amene amalalikira sabata ndi sabata popanda malipiro, amayi oyembekezera amene ali kutali ndi chipatala, ndi anyamata amene Mulungu akuwaitana ku ubusa kuti avomere kukatumikira kumadera otere. Tipempherenso olamulira kuti misewu ndi milatho ya kumeneko ikonzedwe.

Makolo athu m'chikhulupiriro anauyenda mtunda umenewu pansi, atasenza kamba pamutu, kuti akalandire Mgonero wa Ambuye tsidya lino. Ife tili ndi magalimoto, misewu ya phula, mafoni a m'manja ndi mabwalo a ndege. Ngati iwo anatha kubwera kwa ife m'masiku ovuta aja, ife tilibe chowiringula chotilepheretsa kupita kwa zidzukulu zawo. Ambuye atipatse mtima wofuna kutsiriza ulendo, ndipo chisomo chake chikhale ndi mipingo yonse ya ku Marávia. Amen.